Galimoto ya Bambo Yakana Kulira

Meenacarra, Donegal
20 Ogasiti 2012

Okondedwa Achimwene a Fergal,

Muli bwanji uko ku Australia? Kuno tilipo ndithu, kupatula mwendo wa Mayi umene ukuwasautsabe. Nkhosa tinameta, a Hughie a kuseri kwa phiri anadzatithandiza. Za mvula musafunse n'komwe.

Ndalemba m'malo moimba foni chifukwa mukundidziwa mmene ndilili. Pa foni mawu anga amathawa. Komanso kuti netiweki igwire ndiyenera kukwera mpaka pa geti la kumtunda, ndipo kumeneko imamveka ndi mphepo yokha.

Nkhani ndi ya galimoto ya Bambo. Chiwaikireni m'manda mu Epulo muja yangokhala m'shedi, Mayi sankafuna kuti munthu aikhudze. Ku chipatala ku Letterkenny, kumene amakatsukitsa bala Lachinayi lililonse, amatiperekeza ndi a Hughie. Koma tsopano maso awo atha, ndipo adokotala awauza kuti chaka chino chikatha asiye chiwongolero. Eni ake akungoseka, akuti tsiku lina anavulira chipewa mtengo wa mpanda poyesa kuti ndi wansembe.

Azakhali a Treasa atamva zimenezi anabwera dzulo ndi keke. Akuti popanda galimoto sitingakhale kuno, basi imathera kutali ndipo Mayi sangayende mpaka kumeneko. Ati Khrisimasi ikangopita titseke nyumba, tigulitse nkhosa, tikakhale nawo m'tauni. Azakhali atapita m'pamene Mayi anandiuza kuti, "Pita ukaione ngati ingalire."

Sinalire, Achimwene. Batire inali itatha, a Hughie aitchaja lero. Tsopano ndikapotoza kiyi injini ikutembenuka bwinobwino koma osagwira moto. Petulo alimo.

Inu ndinu makaniko. Ndichite chiyani?

Mayi akufunsa ngati mukudya mokwanira.

Ndine mlongo wanu,
Nuala


Kumgodi, kumpoto kwa Perth
6 Seputembala 2012

Iwe Kambewa,

Kalata yako ndaipeza pa bedi nditaweruka. Ndili bwino. Uwauze Mayi kuti ndikudya, mwinanso mopitirira, ovolosi yayamba kundithina. Kuno fumbi lofiira lili paliponse, m'makutu, m'tiyi. Ndani ankadziwa kuti ndidzaisowa mvula ya kwathu?

Za galimoto ndamva, ndipo usavutike n'kuzungulira. Ndadziwa chimene ukufuna kupempha koma manyazi akukugwira pakamwa monga mwa nthawi zonse. Galimoto ija yakalamba, ndiye yakhala miyezi m'shedi mwachinyontho. Aitanitse ogula zitsulo adzaikoke. Ine nditumiza kangachepe mupeze ina yaing'ono.

Kapenanso, usakwiye, mwina Azakhali sakulakwa kwenikweni. Akazi awiri kumapeto kwa msewu, wina mwendo wovuta, wina woopa foni. Ndawalembera nawonso kuti ndimve maganizo awo.

Sindikudabwa kuti yakukanira. Ija inkamvera munthu mmodzi basi. Ine zaka zonse zija ndinkaloledwa kukwawira kunsi kwake kukasintha oyilo, koma kukhala pa chiwongolero ayi. Ukukumbukira Bambo atandipeza ndakhalamo ndikumvera mpira pa wailesi? Anagogoda pa galasi n'kundifunsa ngati ndalipira tikiti.

A Hughie uwapatse moni. Uwauze kuti mtengo wa mpanda uja umalalikira mwachidule kuposa wansembe wathu.

Mchimwene wako,
Fergal


Letterkenny
19 Seputembala 2012

Fergal mwanawe,

Ndathokoza kalata, ngakhale kalembedwe kako kakuipiraipira. Ndikukhulupirira kuti kumeneko ku tchalitchi umapita.

Ndakondwa kuti iwe ndi ine tagwirizana. Ndinadziwa kuti m'banja lino muli mmodzi woganiza. Chipinda chakumbuyo ndapentetsa kale, amayi ako adzagona mmenemo chifukwa chili pafupi ndi bafa. Nuala ndamupezera poyambira, kochapira zovala pa ngodya pano. Safuna munthu woyankhula, ndiye ntchitoyo ndi yake.

Mlongo wanga, bambo ako, anali munthu wabwino koma wouma mutu, ndipo galimoto yake yatengera. Ndinapita kwanu Loweruka, ndinamupeza mwana uja mutu uli m'boneti, manja bii, a Hughie ali pambali kumuuza zoti achite, munthu woti sangaone ndi galimoto yomwe. Amayi ako ali pakhomo la shedi ndi kabotolo ka madzi odalitsidwa, kuwaza pa matayala. Ndinawauza kuti mlamu, madzi amenewo mukanawaza pa mwendo.

Umulembere Nuala asiye zimenezi. Iwe amakumvera.

Azakhali ako,
Treasa


Meenacarra
21 Seputembala 2012

Achimwene,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Mayi akuti bala likuuma pang'onopang'ono.

Sindinapemphe ndalama. Ndawerenganso m'mutu zimene ndinalemba ndipo sindikupezamo pamene ndinapempha. Ndinafunsa kuti ndichite chiyani. Ogula zitsulo sangalowe pa geti lino Mayi ali moyo, ndipo galimoto ina sangaikwere. Anandiuza okha akusenda mbatatesi, osandiyang'ana.

Azakhali anabwera ndi kalata yanu m'chikwama, akuti mwagwirizana nawo. Ngati ndi zoona mundiuze nokha.

Ine m'tauni sindikufuna kupita. Pakamwa sindingathe kunena zimenezi, koma pa pepala ndikutha. Mukudziwa kuti sukulu inandikanika msanga, ndipo chimene ndimadziwa ndi nkhosa, dimba ndi nyumba ino. Laisensi ndili nayo, ndinaphunzirira pa galimoto ya a Hughie chifukwa Bambo ankati yawo si sukulu. Chikusoweka n'choti injini ilire basi.

Masana ndimakakhalamo pang'ono, ku mpando wa Mayi. Mukununkhirabe ubweya wonyowa ndi maswiti aja a timbewu. Ndimakumbukira tikuchokera ku msika wa nkhosa, inu ndi ine kumbuyo, kamwana ka nkhosa pakati pathu kali m'thumba mutu wokha kunja, Bambo akuimba nyimbo imene ankangodziwa mzere woyamba. Tikafika pa mtunda wa ku Meenacarra ankatiuza kuti tonse tiweramire kutsogolo tiithandize kukwera, ndipo ife tinkaweramadi, ndi Mayi omwe.

Ndayeretsa mitu ya batire. A Hughie anachotsa mapulagi n'kuwanunkhiza, akuti ali bwino. Akuti magalimoto a masiku ano ali ngati akazi a ku Dublin, sanena chimene chawakwiyitsa, umayenera kuchita kulota. Mayi anawauza kuti n'chifukwa chake sanakwatire.

Ngati simukudziwa chochita, ingonenani kuti simukudziwa.

Nuala


Kumgodi
9 Okutobala 2012

Nuala,

Pepa. Ndinawerenga kalata yako yoyamba ndi maso a munthu wotopa. Azakhali sindinagwirizane nawo, ndinangowafunsa maganizo, koma ukuwadziwa: ukawafunsa nthawi amakugulitsa wotchi yomwe.

Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimadikira kutsikira ku tauni kuti ndikagule kanthu kali m'phukusimu. A Hughie anama. Galimoto imanena chimene chaikwiyitsa, koma imayankhulira pansi ngati iwe, ndiye pamafunika kamakina aka.

Gwada ku mbali ya dalaivala, uyang'ane kunsi kwa chiwongolero, cha pamwamba pa mapedulo. Upeza kasoketi kakuda ka timabowo m'mizere iwiri, mwina kali ndi kachivindikiro. Chingwe cha kamakinaka uchilowetse mmenemo. Chimalowa mbali imodzi yokha, usakakamize. Kenaka potoza kiyi mpaka nyali za pa dashibodi ziyake, koma osaliza injini. Dina batani lalikulu. Zimene kalembe uzikopere zonse monga zilili.

Kakapanda kuyaka, kasoketiko kalibe moto. Pa galimoto ija kamadyera fyuzi imodzi ndi choyatsira fodya. Bokosi la mafyuzi lili pafupi pomwepo, ndakujambulira kuseri kwa pepalali. Ndaikamo mafyuzi atsopano angapo.

Ndinaiwala zoweramira kutsogolo pa mtunda. Dzulo ndikukweza chigalimoto cha kuno pa chitunda cha miyala ndinangozindikira ndawerama ndekha.

Fergal


Meenacarra
28 Okutobala 2012

Okondedwa Achimwene,

Phukusi lafika, zikomo. Linachedwa moti ndinali nditayamba kuganiza kuti mwandikwiyira. Mayi anali atayamba kukulunga makapu a pa shelefu ya pamwamba m'nyuzipepala, mwakachetechete, akamaganiza kuti sindikuona.

Kasoketi ndinakapeza. Kamakina sikanayake. Ndinatsata chithunzi chanu, ndipo fyuzi inalidi itapsa. Ndinaika yatsopano, inangoti thu nthawi yomweyo. Ndinaikanso ina, chimodzimodzi. A Hughie anati ndisiye ndisanawotche shedi ndi iwo omwe ali momwemo.

Ndiye ndinaganiza kuti poti munati fyuziyo ndi ya choyatsira fodya, ndisuzumire m'bowo lake. Choyatsiracho chinatayika kalekale Bambo atasiya kusuta, bowo linangotsala pululu. Nditawalitsa tochi ndinaona kanthu konyezimira pansi pake. Ndinakatulutsa ndi kamtengo. Kanali kamendulo ka Kristofa Woyera kamene kankalendewera pa galasi loonera kumbuyo.

Mayi anavomera osachedwa. Akuti ulusi wake unaduka maliro atangotha, ndipo sakanalola kuti galimoto ikhale yopanda woiteteza, ndiye anakaika pamalo pamene sikangatayike. A Hughie anaseka mpaka kukhala pa belo la udzu. Akuti woyera wa apaulendo wagwira ntchito yake bwino, chifukwa galimoto yosayenda sichita ngozi. Mayi anawathamangitsa, kenaka anawaitananso kuti adzamwe tiyi.

Fyuzi yachitatu inakhala, ndipo kamakina kanayaka. Ndinasangalala kwambiri moti ndinayesa kuliza injini pompo. Sinalire.

Kanalemba nambala imodzi yokha, ndaikopera pansipa. Pambali pake kanalemba kuti galimoto sikumuzindikira kiyi. Pali kanyali kofiira kamene kamaphethira msangamsanga ndikapotoza, sindinakuuzeni chifukwa ndinkayesa kuti n'mmene kamachitira. Koma zoti sikumuzindikira kiyi sindikuzimvetsa. Kiyi ndi wake yemwe, amatsegula chitseko, amapotoka bwinobwino.

Kamendulo ndakamangira ulusi watsopano.

Nuala


Kumgodi
11 Novembala 2012

Kambewa,

Wagwira ntchito. Anyamata a kuno ndawauza za Kristofa Woyera, mmodzi wa ku Mayo akuti amayi ake anachitapo zomwezo ndi kakorona.

Funso limodzi, ndipo ndikanalifunsa poyambirira pomwe. Ukugwiritsa ntchito kiyi uti? Wa Bambo ali ndi mutu wakuda wonenepa. M'mutumo muli kanthu kakang'ono kamene galimoto imakamva, ndipo ikapanda kukamva imatseka petulo poyesa kuti ndiwe wakuba. Ngati watenga wachitsulo chokhachokha wa pa msomali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, ameneyo sanalizepo injini chibadwire. Bambo anangomusulitsa ku sitolo ya zitsulo chaka chimene anadzitsekera kunja ku msika, kuti azitsegulira chitseko.

Funafuna wa mutu wakuda. Yang'ana m'jekete lawo la ku tchalitchi, m'kabati ya pambali pa bedi, m'chitini cha mabatani. Ukamupeza ilira tsiku lomwelo.

Makapu awabwezere pa shelefu.

Fergal


Meenacarra
24 Novembala 2012

Achimwene,

Moni. Kwayamba kuzizira, m'mawa madzi a m'chomwera cha nkhosa akumaundana.

Kiyi wa mutu wakuda sindingamufunefune. Ndikudziwa kumene ali, ndipo mudzi wonse ukudziwa. Ndinu nokha amene simunauzidwe, chifukwa za maliro simunafunsepo, ndipo ife tinkaopa kukuyambitsani, podziwa mmene zinakupwetekerani kuti ndege munaipeza mwambo utatha.

Bambo anagona m'chipinda chochezera, bokosi lili pansi pa windo, atavala jekete lawo la ku tchalitchi lomwe mwatchulalo. Anthu anadzaza nyumba mpaka ena anaima m'shedi. Mawotchi tinaimitsa monga mwa mwambo wa maliro. Azimayi ankangodula buledi ndi kuwiritsa tiyi, azibambo akusimba za Bambo, zina zoona, zina za a Hughie.

M'mawa asanatseke bokosi aliyense anaikamo kake monga timachitira. Azakhali anaika korona wa agogo. A Hughie anaika kabotolo kakang'ono ka wisiki, akuti njira ndi yaitali. Ine ndinaika chithunzi chanu chija muli pa thirakitala, kuti nanunso mukhalepo. Mayi anabwera pomaliza ndi kiyi wa galimoto, n'kumulowetsa m'thumba la jekete, la kumanja, mmene ankamusunga masiku onse. Anati, "Sanatulukepo pa khomo lino wopanda kiyi ameneyu, sayambira lero." Anthu anaseka misozi ili m'maso. Wansembe anafunsa motsitsa mawu ngati alipo wina, ndipo Mayi anati alipo pa msomali.

Mayi ndawawerengera kalata yanu. Anati ngakhale akanadziwa akanamuikabe. Sindinawatsutse. Inenso ndikuganiza choncho.

Makapu sanawabwezere. Dzulo anakulunganso mbale zamaluwa. Azakhali akuti mwana wa mnzawo ali ndi vani, adzabwera kudzanyamula katundu wathu Khrisimasi ikapita. A Hughie akuti ali ndi fosholo ndipo Bambo sangadandaule kwenikweni, koma ananenera panja kuti Mayi asamve.

Ngati palibenso njira mundiuze mosabisa, kuti ndiyambe kufunsa amene angagule nkhosa.

Nuala


Kumgodi
5 Disembala 2012

Mlongo wanga,

Kalata yako ndinakaiwerengera kuseri kwa malo ogwirira ntchito, kumene kulibe anthu. Zikomo chifukwa cha chithunzi. Sindinkadziwa. Ndinkaopa kufunsa, ndinkaona ngati amene sanabwere alibe gawo pa nkhani zimenezo.

Mayi uwauze kuti anachita bwino. Akanafika kumeneko wopanda kiyi bwenzi atabwerera kudzamutenga.

Nkhosa usagulitse. Njira ilipo, ndipo ndiwe unaitsegula pochotsa kamendulo kaja. Kuli anthu amene ntchito yawo ndi makiyi a galimoto, amayenda ndi vani mpaka pakhomo. Amasula kiyi watsopano wa mutu wakuda, kenaka amalumikiza kompyuta yawo pa kasoketi komweko n'kuiphunzitsa galimoto kuti imudziwe. Kasoketi kakanakhala kakufa sakanatha, koma tsopano kali moyo. Mnzanga wa ku Mayo uja wandipatsa nambala ya wina amene amafika mpaka ku Donegal, ili pansipa. Ukonzeretu buku la galimoto ndi chikalata cha imfa ya Bambo, adzafuna kuona. Zolipira ndi zanga, ndipo ulendo uno usandikalipire.

Koma pali chimodzi chimene sindingakuchitire. Ndinamuimbira, akuti ayenera kuyankhula ndi amene ali ndi galimotoyo. Kalata sizimukwanira, ndipo nthawi yatha. Ukwere pa geti la kumtunda, ufulatire mphepo, umuimbire. Lemba kaye pa pepala zimene ukanene, uziwerenge ngati ukundilembera ine.

Fergal


Meenacarra
21 Disembala 2012

Okondedwa Achimwene,

Yalira.

Foni ndinaimba. Koyamba ndinadula munthu atangoti halo. Kachiwiri ndinawerenga pepala langa lonse osapuma, mpaka dzina langa la pansi. Anandilola kumaliza, kenaka anati palibe amene anamufotokozerapo vuto momveka chonchi, ndipo abwera Lachiwiri.

Dzulo ndinawatengera Mayi ku chipatala. Ndinayendetsa pang'onopang'ono moti thirakitala inatipitirira. A Hughie anakwera nawo kumbuyo, akuti akufuna aone mmene zimakhalira kunyamulidwa ngati bwana. Pobwerera tinaima kwa Azakhali. Anatuluka, anaizungulira galimoto, n'kunena kuti tayala lakumbuyo likuoneka lofooka. Kenaka anati chipinda anapenta chija achiikamo makina osokera, poti n'kale ankafuna malo ake. Mwana wa mnzawo wa vani uja amuuza kuti asabwere. Anatipatsa keke, ndipo akuti pa Khrisimasi ndikawatenge, basi yawatopetsa.

Makapu abwerera pa shelefu. Mayi akuti amangowapukuta fumbi.

Ndikuuzeni za Lachiwiri. Wa makiyi anali munthu wamkulu ndithu, dzina lake a Devenney, wosayankhulayankhula, tinagwirizana. Anasulira kiyi m'vani mwawo, kenaka anagwada pamene ndinkagwada ine n'kulumikiza kompyuta. Mayi anaima pakhomo la shedi atafunda shawelo, kabotolo ka madzi odalitsidwa kali m'manja, koma ndinawapempha kuti adikire mpaka mawaya achotsedwe. Kanyali kofiira kanaphethira, kanaphethira, kenaka kanazima. A Devenney anandipatsa kiyi n'kunena kuti ndilize ndine. Injini inatsokomola kawiri, utsi unadzaza shedi, nkhuku zinabalalika. Phokoso lake ndi lomwe lija, Achimwene. Galu wa Bambo anachokera kumunda akuthamanga, n'kukaima pa chitseko cha dalaivala akugwedeza mchira. Atandiona ine anakhala pansi.

Asanachotse kompyuta, a Devenney anati kwatsala chinthu chimodzi. Akuti galimoto ikumukumbukirabe kiyi wakale, ndipo iwo nthawi zonse amafufuta kiyi wotayika kuti amene angamutole asadzabe galimoto. Anafunsa ngati afufute. Ine ndinayang'ana Mayi.

Mayi anati, "Musafufute, bambo. Kiyiyo sanatayike. Ali m'thumba mwa mwini wake."

A Devenney anayang'ana chikalata cha imfa chija chili pa mpando, n'kuyang'ananso Mayi. Anazimitsa kompyuta, anakulunga chingwe chawo, ndipo tiyi anamwa.

Ndiye galimoto ikudziwa makiyi awiri, wanga ndi wa Bambo.

Khrisimasi yabwino. Mudye mokwanira.

Ndine mlongo wanu,
Nuala